Makina Okana Kudwala

Alamu anga amatchedwa a Chizula. Ntchito yawo ndi kuzula mawaya a makompyuta osunga mafayilo mothandizana, kuti aone ngati pulogalamu yatsopano ingapirire isanapite kwa anthu.

Lolemba anaona ndi maso awo fayilo ikusowa. Abwana awo anati, "Isowenso ife tikuona, apo ayi mawa pulogalamuyi tikuitulutsa."

Alamu angawo anazula, anazimitsa, anayatsanso, koma makinawo ankangophethira timagetsi tobiriwira. Ndinawapeza atagwada m'chipinda chozizira chosungiramo makinawo, thukuta lili kamukamu.

"Chonde, dwalani," ankachonderera makinawo.

Ndinaseka. "Alamu, mutu ukuyenda bwino?"

Sanacheuke. "Mwana wanga uja nayenso ankasewera pamaso pa dokotala. Anatibweza kuti ali bwinobwino. Bokosi lake munanyamula nawo, alamu."