Eni khomo a ku Area 9

Mayi oyamba amene ndinawafunsa mafunso pa ntchito yanga yoyamba anali ndi chotupa m'bere, ndipo sanali mayi amene ndinatumidwa kukawafunsa.

Ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4 kumudzi pamene azakhali anandiitanira ku tawuni. Bungwe lina linkafuna atsikana oyenda khomo ndi khomo kufunsa amayi zimene amadziwa za khansa ya m'mawere, ndi chimene chimawaletsa kukapimitsa. Anatiphunzitsa masiku awiri mu ofesi ina ku Old Town. Otiyang'anira anabwereza katatu: "Mukafika, funsani mayi wa pakhomo. Osati ana, osati abambo."

Anandipatsa Area 9. Kwathu mayi wa pakhomo sachita kufunsa, amaoneka yekha: ndi amene wamanga chitenje, manja ali pa ntchito. Nyumba ziwiri zoyamba anandiyankha ndi agalu. Yachitatu, geti litatseguka, ndinaona mayi atamanga chitenje, thovu la sopo mpaka m'zigongono. Ndinagwada pomwepo, pa timiyala.

"Pepani amayi, ndabwera kudzacheza ndi inu eni khomo."

Anandiyang'ana, nasuzumira kumsewu uku ndi uku, kenako anapukuta manja pang'onopang'ono.

"Eni khomo? Eya. Lowa, mwanawe."

Pakhonde anakhala pa mpando wa khushoni n'kusanjikiza miyendo. Ine ndinakhala pansi, fomu pa maondo.

"Mumagwira ntchito yanji, amayi?"

"Ndimayang'anira nyumba yonseyi. Popanda ine muno simungapezeke ngakhale sokosi imodzi."

"Kuchipatala mumapita pa chiyani?"

"Galimoto ilipo, yapita koyenda. Koma ine ndimakonda minibasi, mumamveka nkhani."

Ndinalemba zonse mosamala, ndikusirira mumtima kudzichepetsa kwa anthu olemera.

Funso lotsatira ndinaliwerenga monong'ona, chifukwa kwathu mwana satchula bere pamaso pa akulu. Linkafunsa ngati anayamba amvapo chachilendo podzigwira.

Anatsitsa mwendo uja.

"Kalipo. Kuno kumanzere, ngati mtedza. Chiyambire nthawi ya mvula."

"Munapita kuchipatala?"

"Ayi."

"Chimakuletsani n'chiyani?" Pa fomu panali timabokosi: kutalika, mantha, kusadziwa, zina.

"Tsiku, mwanawe. Kuchipatala kumafuna tsiku lathunthu pamzere, pakati pa sabata. Ine langa ndi Lamulungu lokha. Angandipatse ndani?"

Ndinadabwa kuti mayi wa pakhomo apemphe tsiku kwa yani, koma kufunsa kunali kupanda ulemu. Ndinachonga "zina".

Nthawi yomweyo hutala inalira pageti. Amayi aja anadzambatuka, nasalaza khushoni ndi dzanja, nathamanga kukatsegula. M'galimoto munatuluka mayi wina wovala suti, nsapato zogogoda, akudandaula kuti aiwala faelo ndipo ku ofesi ku City Centre akuwadikira. Atandiona anaima.

"Asisi, mlendoyu ndi wa ndani? Nanga wakhaliranji pansi?"

Ndinagwadanso, ngakhale sindinadziwe kuti ndiloze maondo kwa yani. "Ndikucheza ndi amayi eni khomo," ndinatero.

Mayi a suti anaseka mpaka kutsamira pa chitseko cha galimoto.

"Eni khomo! Asisi, mwandilanda liti? Mukadandiuza, bwenzi nditachita odi."

"Mwanayu anagwada, madamu. Munthu akakugwadira sumubweza."

Ndinalakalaka pansi patatseguka. Madamu anatambasula dzanja, akupukutabe misozi ya chiseko. "Tabweretsa, tione zimene eni khomo ayankha."

Ku ofesi anatiuza kuti fomu ndi chinsinsi cha woyankha. Kumudzi anandiuza kuti mkulu akatambasula dzanja umapereka ndi manja awiri. Ndinaikumbatira fomu ija pachifuwa, maso pansi.

"Pepani, amayi. Saonetsa."

Amene anayankha ndi asisi aja.

"Musamuvute mwana, madamu. Mwanawe, tabwereza mafunso omaliza aja. Mokweza, osati mmene unkachitira muja ngati ukuba."

Ndinabwereza, ndipo liwu loti bere lija ndinalitchula lonse. Iwo anayankha monga poyamba, za mtedza, za mvula, za tsiku. Koma ulendo uno sankayang'ana ine.

Madamu anaika makiyi pa tebulo.

"Chiyambire mvula? Ndipo m'mawa uliwonse mumandisitira bulauzi osanena kanthu?"

"Mumakhala mukuthamanga."

"Nditathamanga bwanji, makutu ndimawasiya m'galimoto? Mawa sikisi koloko mukhale mutavala. Tikupita limodzi."

"Nanga zochapa?"

"Zili ndi chotupa zochapazo?"

Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe, dzuka pa simenti apo. Fomu ina uli nayo? Khala pampando, undifunse msanga ndisanachotsedwe ntchito."

Ndinakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpandowo. Pa funso la kudzigwira, madamu anati anamvapo pa wailesi koma sanayesepo. Asisi, ali chiimire pakhomo la khitchini, anatsonya.

Zimene adokotala anapeza sindinazimve. Koma m'mawa mwake ndinalawirira dala n'kudzera msewu womwewo. Galimoto inatuluka asisi ali pampando wakutsogolo, atavala diresi ya kutchalitchi, chikwama pa maondo, khosi lili njo. Wotsika kukatseka geti anali madamu.