Bambo a Tadala pa wailesi

Mwaswera bwanji amalume ndi nonse kumeneko.

Lero ndikugula nsomba ku Entre Lagos, wailesi ya pa baraka, kasitolo ka pamsikapo, inayika nyimbo ya gulu la anyamata lomwe amuna anga amayimbamo. Mwana wathu Tadala atamva mawu a bambo ake, anathamangira kuseri kwa wailesiyo kukawafuna.

Nyimbo itatha, wowulutsa mawu anafunsa amuna angawo ngati ali pa banja. Iwo anaseka: "Tonsefe sitinakwatire, achemwali."

Ndikudziwa, mkulu wa gululo amawauza azitero kuti atsikana asasiye kuwakonda. Amuna angawo anandifotokozera asananyamuke kupita ku Nampula. Koma mayi wogulitsa nsombayo, yemwe anavina pa ukwati wathu, anangondikulungira osandiyang'ana.

Panjira mwanayu amafunsa chomwe papa amaseka. Kunyumba kuno ndilibe woti ndimuuze zimenezi.

Amalume, ndiwayimbire foni, kapena ndipirire mpaka gululo litchuke?