Alamu Anga Atasiya Kuchiritsa

Nthawi imene ndinkagwira ntchito pa chigayo cha mpunga kwa Malengachanzi, magetsi akathima tinkasewera gemu ya pa foni. Gemuyo inkafuna anthu anayi kuti aphe chilombo chimodzi: wachishango woima kutsogolo n'kumalandira mikwingwirima, awiri olasa ndi uta, ndi wochiritsa, wobwezera anzake moyo ukamachepa.

Achimwene anga anatenga chishango, poti ndi aakulu. Ine ndi telala wina wa pafupi ndi mzikiti tinatenga mauta. Uchiritsi palibe ankaufuna, chifukwa wochiritsa sapha kanthu. Tinaukankhira kwa alamu, akazi a achimwene, amene ankagulitsa mpunga pakhomo pa chigayocho ndipo foni yawo inali yabwino kuposa zathu zonse.

Ankachiritsa bwino. Tinkapambana, achimwene n'kumati chatipulumutsa ndi chishango chawo.

Kenako eni ake gemu anasintha malamulo, n'kuchepetsa mphamvu ya chishango. Ife sitinadziwe. Uthenga wake unabwera wautali, m'Chingelezi, ndipo tonse tinaudumpha. Lachisanu lina masana, telala atabwerako ku mapemphero, tinagonja katatu motsatizana.

"Vuto ndi inuyo, mayi," achimwene anatero. "Mukuchedwa."

Alamu anayezera munthu mpunga, n'kubwerera ku foni. Titalowanso, anachiritsa ine, anachiritsa telala, amuna awo n'kuwasiya. Moyo wa achimwene unatsika tonse tikuona, mpaka anagwa. Mu gemumo alamu anaima pafupi ndi mtembowo, mankhwala ali odzaza.

"Netiweki," anatero.

Sabata yonseyo netiweki inkavuta pa achimwene okha. Kunyumba kunalibe mkangano uliwonse. Ankadyera limodzi, ankapita limodzi kudambo, koma tikalowa mu gemu achimwene ankafa.

Telala ndi amene anatopa nazo. "Bwanji musinthane tione," anatero, akutunga ulusi.

Achimwene anavomera msanga n'kupereka chishango kwa alamu, nati atisonyeza mmene amachiritsira munthu wodziwa. Sanadziwe kuti wochiritsa amayang'ana moyo wa anthu anayi nthawi imodzi, kwinaku akuthawa moto. Tinafa tonse chilombo tisanachikande n'komwe. Ulendo wachiwiri anadzichiritsa okha katatu. Wachitatu anapukuta thukuta pa foni, nafunsa alamu chapansipansi kuti batani lobiriwira ndi lachiyani.

Alamu anawauza. Madzulo asanafike anali atafufuza uthenga wa eni ake gemu, n'kuuwerenga wonse, ndipo anasintha zovala za wachishango mogwirizana ndi malamulo atsopanowo. Ankaima kutsogolo osasuntha. Chishangocho sanabwezenso.

Achimwene anakhala wochiritsa wathu mpaka pamene anapeza ntchito yodula nzimbe ku Dwangwa. Anafika pochita bwino ndithu, ngakhale ankadandaula kuti palibe wowathokoza. Atachoka, gemu inatipatsa wochiritsa wa kudziko lina, amene ankatilembera mawu m'chilankhulo chimene palibe ankachimva. Alamu ankamuyankha kuti zikomo nthawi zonse.