Galu amene tinamuwolotsa Shire

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, chimene chimayamba kubwera ndi fungo la masamba a nimu amene ankafukiza paphale pothamangitsa udzudzu, losakanikirana ndi fungo la galu wonyowa ndi mame. Kenako ndimamva ndodo yawo ikugunda pansi pouma, phazi lamanzere likukhwekhwereza m'mbuyo, m'mawa dzuwa la ku Ngabu lisanayambe kuwotcha, azimayi akupita kumjigo ndi zidebe, ng'ombe zokoka ngolo zikutuluka m'khola. Patsogolo pawo pankakhala galu wofiirira wa khutu limodzi lopindika, amene ankathamanga pang'ono n'kuima, n'kucheuka, kudikira mpaka ndodo ija ifike.

Ife tinkawatcha Ayavu, monga amanenera a kwawo ku Mozambique. Anali mlimi wa thonje, munthu wa mawu okweza, mpaka chaka chimene agogo aakazi anamwalira. Patatha miyezi iwiri chichitikire maliro, anagwa m'munda. Kuchipatala anabwerako atafa mbali imodzi, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka ngati a munthu amene wavumata madzi. Adokotala anati aziyenda tsiku lililonse ndipo tiziwalankhulitsa. Tinavomera ndithu, koma nthawi yake ikanachokera kuti? Amayi, amene ndi mwana wawo woyamba, anali ndi munda komanso ife ana anayi. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinene mosabisa, kudikira kuti Ayavu amalize chiganizo chimodzi kunkanditopetsa. Tinkangoti eya, eya, tisanamve n'komwe, n'kuchokapo. Iwo anaziona, ndipo anasiya kulankhula.

Galu uja anabwera yekha ali kamwana, nthiti zikuwerengeka, nkhupakupa zitadzaza m'makutu, n'kukagona pansi pa mpando wawo wandalema. Tinamugenda kawiri. Kachitatu Ayavu anagunda ndodo pansi n'kunena kuti, "Musiyeni!" Amenewo anali mawu awo oyamba m'milungu ingapo. Anamutcha Nyatwa, kutanthauza mavuto, poti ati onse awiri anali atawaona.

Ubwino wa Nyatwa unali woti sankadziwa kuti Ayavu ndi odwala. Ife tinkawachitira chisoni n'kuwasiya pamkeka, iye ayi. Kukacha ankakanda mkekawo, kuluma ndodo n'kuikoka, kulira mpaka adzuke ngakhale akutukwana. Poyamba ankangofika pamtengo wa nimu wa pabwalo. Kenako kumjigo. Chisanathe chaka ankafika kumsewu waukulu, n'kukhala pamwala kuonerera akabaza akudutsa. Njira yonseyo ankalankhula naye galuyo za mbozi za m'thonje, za malemu mkazi wawo, za anthu amene anawalakwira kalekale. Mawu anayamba kuwongoka, kutupa kwa mapazi kunatha, ndipo tsiku lina ndinawamva akuseka. "Uyu sandiuza kuti fulumirani," ankatero.

Ndiye kunabwera chaka cha chilala. Mapira anauma asanabereke, ndipo tinkadya kamodzi patsiku, nthawi zina nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, zimene amayi ankakazula kudambo, nthawi zina mbatata zowerenga. Mbale ya Ayavu inkakhala yodzadzirapo chifukwa mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi sankafuna m'mimba mopanda kanthu. Ankadyera kuseri kwa nyumba, pamthunzi. Tsiku lina ndikukatenga mbale ndinawapeza akunyema mbatata pakati, theka kukamwa kwawo, theka kwa Nyatwa. Ine m'mimba munali mukulira. Ndinapsa mtima kwambiri, ndipo sichinali chifundo pa agogo anga ayi, inali nsanje yeniyeni yochitira galu. Ndinathamangira kwa amayi n'kunena zonse, mwinanso n'kuwonjezerapo.

Amayi anaitana mlongo wawo, amalume a Zuze, n'kukambirana kuseri kwa nkhokwe. "Galu ndi galu, achemwali," anatero amalume. "Ana akugona ndi njala, bambo akuwonda, ife tizinenepetsa chiweto chosadyedwa?" Anali ndi mnzawo wa dimba kutsidya la Shire, cha ku Chiromo, amene ankafuna galu wothamangitsa apusi. Anadikira tsiku loti Ayavu akatenge mankhwala kuchipatala. Kabaza atangonyamuka nawo, amalume anamanga Nyatwa ndi chingwe cha mlaza n'kumapita. Anasankha kutsidya dala, podziwa kuti galu sangawoloke yekha madzi a ng'ona.

Ayavu atabwera anaimba kamluzu kawo kopotoka poitana Nyatwa. Kunali zii. Anafunsa amayi za galu wawo m'Chisena kuti, "Mwanambwa wanga ali kupi?" Amayi anayankha akuyang'ana m'lichero kuti mwina watsatira agalu anzake. Ayavu anawayang'ana nthawi yaitali, anandiyang'ananso ine, n'kulowa m'nyumba.

Mbatata tsopano inali yawo yonse, koma inkabwerera momwe yapitira. Amayi akawanyengerera ankangoti, "Nkhabe," kukana, n'kutembenukira kukhoma. Ndodo inakhala pakona mpaka kangaude anamangapo. Pomatha sabata yachiwiri mapazi anali atatupanso, dzanja lomwe linkayamba kugwira kapu linapindikanso, ndipo mawu anabwerera kumene anachokera. Mlangizi wa zaumoyo atabwera ndi makina ake opimira, anapukusa mutu n'kuuza amayi kuti magazi akwera kwambiri, ndipo akagwanso kachiwiri sadzadzukanso. Zonsezi ankanena ine ndili pomwepo, nditanyamula mbale imene sanaikhudze.

Madzulo a tsikulo ndinapeza amayi akutsuka miphika. Ndinawauza kuti Ayavu akamwalira ndidzakhala ndawapha ndine. Anandikalipira kuti mwana salankhula zotere, koma manja awo anali ataima m'madzi. Kenako anati, "Mawa ulawirire. Unayambitsa ndiwe, ndinamaliza ndine, tikamutenga tonse."

Tinakwera matola mpaka ku Bangula, kenako bwato. Mwini dimba uja sanavute n'komwe. Anatilozera kumene anamanga Nyatwa, pansi pa mtengo wa masau, atawonda kuposa mmene anabwerera koyamba. "Mutengeni, mayi," anatero. "Galu wanuyu ndi wachabechabe. Apusi akudya chimanga, iye amangoyenda pang'ono n'kuima, kudikira munthu amene kulibe." Amayi anangowerama n'kumasula chingwe.

Vuto linali padoko. Mwini bwato anakana kukweza galu, ati akadzidzimuka pakati pa madzi atigwetsera tonse kwa ng'ona. Amayi anachonderera, iye osamva. Kenako anavula chitenje chapamwamba, ananyamula Nyatwa, n'kumubereka kumbuyo ngati khanda, mutu wokha uli kunja. Doko lonse linafa nalo phwete. Mayi wina wogulitsa milamba youma anakuwa kuti, "Mwanayo watengera kwa bambo ake kapena kuchimayi?" Amayi anga, munthu wamanyazi amene sankaseka n'komwe pagulu, analowa m'bwato nkhope ili gwa. Ine ndinkafuna nthaka itang'ambika ndilowemo. Sanamutsitse mpaka tinatsika matola ku Ngabu.

Titafika pabwalo, Nyatwa anadumpha n'kulowa m'nyumba molunjika. Ndinkayembekezera kulira kapena kukumbatirana, koma kunalibe. Tinangomva Ayavu akumukalipira ndi mawu ovutikira, kumufunsa kumene anali masiku onsewa, ngati akukalipira mwana wochedwa kumjigo. Atatha anapempha chakudya. Amayi anandipatsa mbale ya mbatata ziwiri kuti ndikapereke. Ndinagwada, ndinaika pansi, ndipo ndikuti ndidzuke anandigwira mkono ndi dzanja lawo labwino lija. Ananyema mbatata zija patatu, mulu wawo, mulu wa galu, wachitatu n'kuukankhira kwa ine.

"Idya, Joana," anatero pang'onopang'ono. "Sunaname. Unali ndi njala."

Ndinadya ndikulira, iwo osandiyang'ananso. M'mawa mwake anafika pamtengo wa nimu, ndipo mwezi usanathe anali atabwerera kumjigo. Nkhani ya kutsidya sanaitchulenso, ngakhale kwa amalume, amene kwa nthawi yaitali ankadutsira njira yakuseri. Njala sinathe tsiku lomwelo. Amayi anangoyamba kuwerengeranso Nyatwa pogawa chakudya, ndipo palibe amene anafa nazo. Ayavu anakhala zaka zina zinayi akuyenda ndi miyendo yawo.

Lero ndine mlangizi wa zaumoyo, ndimayenda panjinga m'midzi ya kuno kwathu komwe. Kawirikawiri anthu amandiitanira kwa gogo amene wasiya kudya ndi kudzuka, n'kuyamba kundiwerengera zonse zimene amuchitira, phala, mankhwala, bulangete latsopano. Ndimawakhulupirira, chifukwa ifenso tinachita zonsezo, ndipo manyazi a chaka chija sanandichoke. Ndimapima magazi, ndimayang'ana mapazi, ndimalemba m'buku. Ndikatseka bukulo ndimaitanira pambali mwana wawo wamkulu, n'kumufunsa motsitsa mawu kuti, kodi pakhomo pano mwawachotsera chiyani?