Kansalu kotsukira chilonda

Chaka chimene tinali matenanti a fodya ku Kabudula, mtsinje unanditsekera pa chilumba. Ndinawoloka m'mawa kukagula mondokwa ku dimba la mayi ena a m'mudzi wapafupi, madzi akulekeza m'mawondo. Pobwerera tinapeza adzaza mpaka kumiza bango. Tinatsala awiri m'kamsasa kolonderamo mbewu, ine ndili ndi chilonda cha khasu pa chala cha kuphazi.

Sopo panalibe. Mayiwo ankasamba ndi phulusa, mapazi nkumakwecha ndi mwala, mano nkumatsuka ndi kamtengo. Ine ndinkangoyang'ana. Kwathu ku Mulanje tinakula tikudziwa kuti litsiro lako, tsitsi ndi zikhadabo susiyira munthu wosamudziwa. Ndipo amuna a mayiwa anali atakanganapo ndi amuna anga pa nkhani ya mbuzi yolowa m'fodya.

"Bwerani ndikutsukeni phazilo, mayi," ankatero.

"Zikomo, lipola lokha."

Silinapole. Linatupa, linayamba kununkha, ntchentche nkumanditsata ngati ndasenza usipa. Ndinkaopa kuduka phazi, koma ndinkaopanso manja awo. Ati amaimba kwaya ku mpingo, koma mtima wa mnzako ndi tsidya lina.

M'mawa wina sanandipemphenso. Anawiritsa madzi m'chitini, nkung'amba kansalu kumphepete kwa chitenje chawo.

"Kodi mukufuna mukafike kwanu ndi mwendo umodzi? Khalani pansi."

Anafinya mafinya onse ine ndikuluma mpango. Atatha anandiyang'ana m'maso.

"Mukuti nditenga, eti? Onani."

Anaponya kansaluko pa moto, nkudikira mpaka katapserera. Ndinachita manyazi. Kenako ndinawaona akukwirira ndi phazi pamene analavulira potsuka mano, akundiyang'ana cham'mbali. Nawonso ankandiopa.

Madzi ataphwera anandiwolotsa nditawakolowekera dzanja paphewa. Ku chipatala anati mayiwo akanapanda kutsuka, chala chikanapita. Ndinawatumizira nkhuku, iwo anandibwezera dengu la mtedza, ndipo mtedzawo ndinayamba ndapatsako galu.

Chala ndili nacho mpaka lero. Koma mvula ikayamba chimandiwawa, ndipo chikawawa ndimakumbukira kuti kansalu kaja anakang'amba pawiri, kena kotsukira, kena kopukutira. Pa moto ndinaonapo kansalu kamodzi kokha.