Nkhope ya Esinati m'galasi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera paukwati wa msuweni wanga. Ndinajambula operekeza mkwatibwi ndi foni yobwereka, zithunzizo n'kuyenda mpaka kukafika kwa Mayi Alufandika, amene ankagulitsa kaunjika wosankha pa Ngabu. Anandiitanitsa n'kundiuza kuti makasitomala awo enieni ali ku Blantyre ndi ku Nsanje, ndipo amagula poona zithunzi m'magulu a pafoni. Ankafuna munthu wa dzanja losanjenjemera.

Zida zinali zochepa: foni yawo, nsalu yoyera yomwe tinkapanira pachingwe pakhonde lakuseri, mahang'ala, tepi yoyezera ndi chidole chimodzi chopanda mikono. Ndinkayamba dzuwa lisanakwere, chifukwa likafika pamutu mitundu imasuluka pachithunzi, nayonso foni imatentha n'kuzima yokha. Chovala chilichonse ndinkachijambula kutsogolo, kumbuyo, pakansalu ka saizi, ndi pamene pali chilema. Kenako ndinkayeza chifuwa, chiuno ndi kutalika, n'kulemba pansi pa chithunzicho.

Wosita anali Esinati, mayi wa ana awiri, yemwe mwamuna wake ankadula nzimbe ku Nchalo. Sankalankhula kwambiri. Ndiye anandiphunzitsa kupana diresi kumsana ndi mapegi kuti likhale bwino pachidole.

Tsiku lina tinatsegula belo la madiresi ovala kuphwando. Anali okongola, koma pachidole ankangolendewera ngati matumba a thonje. Mayi Alufandika anapempha Esinati kuti awavale. Anakana kawiri, kachitatu n'kuvomera, koma anandiyang'ana ine nati, "Nkhope yanga isaoneke. Apongozi anga ndi a mvano."

Ndinamulonjeza. Kunja kunali mphepo ya fumbi, choncho tinajambulira m'kati mwa shopu. Chithunzi chilichonse ndinkachidula pakhosi, ndipo pofika leveni koloko ndinali nditatumiza zonse.

Cha m'ma thuu, njinga ya kabaza inaima pakhomo. Anatsika mayi wachikulire, apongozi ake a Esinati, atagwira foni ya mnzawo wa kutchalitchi. Sanakweze mawu. Anapereka moni kwa Mayi Alufandika m'Chisena, n'kuika foniyo patebulo. Chinali chithunzi cha diresi lofiira, lalifupi, la msana wa pamtunda. Mutu ndinali nditadula ndithu. Koma kumbuyo, pakona, panali galasi lomwe makasitomala ankadziyang'anirapo, ndipo m'menemo nkhope ya Esinati inkaoneka yonse, akumwetulira.

Ndinafufuta chithunzicho nthawi yomweyo, koma anthu anali atatumizirana kale. Apongoziwo ananena kuti mwana wawo ku Nchalo wachiona, anzake akumuseka m'munda. Esinati anatula simbi pamwala, anamanga bwino chitenje, n'kutsagana nawo osatsanzika.

Mawa lake tinapita kwawo kwa Esinati, ine ndi Mayi Alufandika. Tinakhala pamphasa pansi pa mtengo wa nimu, mwamuna wake ali pomwepo. Mayi Alufandika anafotokoza kuti iwo ndiwo anamukakamiza Esinati. Itafika nthawi yanga, ndinanena kuti Esinati anakaniratu zoonetsa nkhope, ndipo wolakwa ndine, amene ndinatumiza osayang'anitsitsa. Pamapeto pake bamboyo anangoti wamva, ndipo nkhani yotsalayo ndi ya m'nyumba mwawo.

Esinati anatiperekeza mpaka pamsewu. Ndinayamba kupepesanso, koma anandidula.

"Ndinakupempha chinthu chimodzi chokha," anatero.

Anakhala milungu itatu osabwera. Kukwaya anamuimitsa kaye, ndipo ndinamva kuti kumjigo ankapita anzake atabalalika. Atabwerera anapitiriza kusita monga kale, koma sanavalenso chovala chilichonse cha m'shopu, ndipo palibe anayerekeza kumupempha. Tinadzayambanso kuseka limodzi patapita miyezi.

Ndikujambulabe zovala mpaka lero, tsopano ndi kamera yangayanga. Ndisanatumize chithunzi ndimachikulitsa ndi zala, n'kuyendera makona onse anayi: mazenera, magalasi, ngakhale mabatani onyezimira. Ngati wavala ndi munthu, ndimamupatsa foni m'manja kuti aone yekha. Ena amaseka, amati ndikuchedwetsa malonda. Ndimangodikira mpaka mwini thupi atanena kuti tumizani.