Vayolini ya Adokotala a Maso

Chaka chachiwiri chimene ndinkaphunzitsa ku Khombedza mtima wanga sunali m'malo. Akazi anga ndi ana anali ku Ntcheu, kalata yanga yopempha kusamuka inali itagona ku maofesi miyezi yambirimbiri, ndipo kutentha kwa Okutobala kunkangondilowetsa ndi kunditulutsa m'nyumba ngati nkhuku yofuna kuikira. Lamlungu lokha ndi limene ndinkakhazikika, chifukwa ndinkaliza kiyibodi kutchalitchi.

Lamlungu lina titaweruka ndinapeza mayi wachizungu akundidikira pansi pa mtengo wa nimu. Anali okalamba, aafupi, a imvi zometa ngati za mwamuna. Tonse tinkawadziwa kuti ndi adokotala a maso amene anapuma pa ntchito kwawo n'kubwera kudzathandiza anthu a ng'ala m'midzi ya kunyanja.

"Aphunzitsi, ndamva kuti mumawerenga nyimbo za pa mizere," anatero m'Chichewa chawo chotsimphina.

"Pang'ono chabe, Adokotala. Ife tinakulira do-re-mi."

"Pang'onopo pandikwana."

Zotsalazo anandifotokozera m'Chingerezi. Mchimwene wawo anali atamwalira kwawo sabata yapitayo. Iwo anali Ayuda, ndipo Ayuda maliro sachedwetsa. Uthenga unawapeza ali m'mudzi wina kwa Maganga, n'kuti kwawoko manda akukumba kale. Chiyambire ubwana wawo, mchimweneyo ankaliza piyano, iwo vayolini. Tsopano ankafuna kuti pakatha masiku makumi atatu, monga mwa mwambo wawo wa kulira, amuimbire nyimbo imene ankaimba awiri. Chimene chinkasowa ndi manja a pa piyano.

Ndinavomera msanga, osati chifukwa cha chifundo ayi, koma ndinkafuna chilichonse chonditulutsa m'nyumba muja.

Piyano Adokotala anaipeza pa loji ina ku Senga Bay, m'chipinda chodyera, eni loji ataisandutsa tebulo la maluwa apulasitiki. Makiyi asanu ndi awiri ukawadina sankabwereranso, atafufuma ndi chinyontho cha kunyanja. Mwini loji anaitana kalipentala wake, bambo wachisilamu wa ndevu zochepa, amene anali asanatsegulepo piyano chibadwire. Anaivundukula, n'kusuzumira m'kati nthawi yaitali.

"Matabwa ndi matabwa basi," anatero, n'kuyamba kupala makiyiwo ndi sandipepa, limodzilimodzi.

Lachitatu ndi Loweruka masana ndinkakwera minibasi mpaka ku Salima, kenako njinga yamoto mpaka kunyanja. Tsiku loyamba nditayang'ana mapepala ndinaseka mumtima. Mbali yanga inali yosavuta: kudina pamodzi makiyi atatu, kudikira, kudinanso. Mwana wa kwaya akanatha.

Adokotala atakoka uta pa nsambo m'pamene ndinadziwa kuti ndadziika m'mavuto. Nyimboyo inalibe phazi. Zathu za m'buku umaziponda, wani, thu, firii, folo, mpingo wonse n'kuyendera limodzi. Iyi inkaima pamene yafuna, kunjenjemera pa liwu limodzi, kukwera ngati ikufunsa funso, kenako n'kugwa osayankhidwa. Panalinso malo ena pamene liwu linkalumpha dzenje lomwe mu do-re-mi mulibe, ndipo zala zanga zinkangothawira ku kiyi yoyandikana nayo kuti zikonze.

"Musakonze!" ankakuwa Adokotala. "Sipolakwika pamenepo."

Anandiuza kuti amene anaipeka anaitenga kwa wotsogolera mapemphero m'sunagoge, munthu amene amaimba ngati akukangana ndi Mulungu. Vayolini ndi munthuyo. Piyano ndi mpingo umene ukungong'ung'udza pansipansi, kumudikira kuti amalize.

Kudikirako ndi kumene kunkandikanika. Ndinkalowa msanga nthawi zonse. Iwo ankatsitsa uta, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mukuthamangira kuti, Aphunzitsi?"

"Ndawerenga mpaka folo."

"Mchimwene wanga sankawerenga. Ankamvera mpweya wanga."

"Ine sindine mchimwene wanu, Adokotala."

Mawuwo atatuluka ndinachita manyazi, koma m'malo mopepesa ndinatseka piyano n'kunyamuka. Loweruka lotsatira sindinapite. Ndinadziuza kuti ndili ndi makope ofunika kuchonga. Koma nyimbo ija inali itandilowa ngati thekenya. Ndikamalemba pa bolodi inkabwera. Ndikamagula tomato pamsika inkabwera, makamaka pa dzenje paja, ndipo sinkatha, inkangofika pakati n'kuyambiranso. Lamlungu ndinachedwetsa nyimbo yachiwiri mpaka amayi a chigwirizano anatembenuka kundiyang'ana.

Lachitatu ndinabwerera. Adokotala anali asanafike, koma kalipentala uja anali pakhonde akukonza mpando.

"Mwasowa, Aphunzitsi. Mayi aja Loweruka anakhala pomwepo mpaka swala ya madzulo, kachikwama kawo pamiyendo."



"Chimene amalizacho," anapitiriza, "tsiku loyamba ndinaika hamala pansi. Ndimayesa kuti kumzikiti aitana nthawi isanakwane. Kodi kwagwa chiyani kwawo?"

Ndinamuuza zonse, za uthenga wochedwa ndi manda okumbidwa tsiku lomwelo. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ifenso timatero. Bambo anga ndinawapeza ataikidwa kale, ine ndili ku Nkhotakota ndi bwato la abwana. Wallahi, mpaka lero ndimaona ngati angochokapo."

Adokotala atabwera sanatchule za Loweruka. Anangoti, "Tiyambire pa tsamba lachiwiri." Tsiku limenelo ndinasiya kuyang'ana mapepala, n'kumayang'ana phewa lawo. Likakwera ndinkadziwa kuti akukoka mpweya, likatsika ndinkadina. Sindinganene kuti zinakoma, koma anatsitsa uta kawiri kokha.

Popuma ananena kuti kwawo pemphero la maliro limafuna anthu khumi, ndipo kuno iwo ali okha, n'chifukwa chake anasankha nyimbo. Kalipentala anali pafupi, akumva.

Tsiku la makumi atatu linali Lachisanu. Ndinapempha ahedi kuti ndiweruke msanga. Nditafika cha m'ma thuu koloko ndinapeza m'chipinda chodyera muli anthu: kalipentala atavala mkanjo woyera, anzake anayi ochokera naye kumzikiti ku swala ya Ijuma, ophika awiri, mayi wochapa zovala, ndi mlonda wa pageti.

"Ndi inuyo Aphunzitsi takwana khumi," anatero kalipentala.

Adokotala anaima pakhomo, vayolini kukhwapa. Anatsegula pakamwa, ndipo ndinadziwa kuti akufuna kufotokoza kuti lamulo lawo silinena khumi aliyense, koma Ayuda okhaokha. Anayang'ana mayi wochapa uja, amene anali atafunda chitenje kumutu ngati pamaliro enieni, n'kungoti, "Zikomo. Khalani pansi."

Tinayamba bwino. Kunja kunkawomba mphepo yotentha, zitseko zikumenyeka, koma palibe anadzuka kukatseka. Tsamba loyamba linatha. Pa lachiwiri, pamene vayolini imakwera yokha, uta unayamba kudumphadumpha pa nsambo, kenako unaima. Adokotala anautsitsa. 

Ndinadina makiyi anga atatu aja n'kudikira. Phewa silinakwere. Ndinadinanso. Mtima unkandiuza kuti imirira, pepesa kwa anthuwa, kakwere njinga uzipita. Mmodzi wa anzake a kalipentala anatsokomola.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Dzanja langa lamanja linayamba kuliza mbali ya vayolini, imene palibe anandiphunzitsa, koma inali itandizunza m'mutu masabata atatu. Ndinaikweza mmene ndinkaikumbukira. Nditafika pa dzenje paja, chala changa chinachita zomwe chinazolowera, chinathawira ku kiyi yoyandikana nayo.

"Ayi!" anakuwa Adokotala, misozi ili m'masaya. "Musakonze, ndanena kangati!"

Anakweza vayolini mwaukali n'kundionetsa mmene pamayendera. Atadutsa pamenepo sanaimenso. Ine ndinabwerera pansi, ku mbali yanga ya mpingo, ndipo tinafika kumapeto, pamene nsambo imodzi imatsala ikulira yokha mpaka osamvekanso.

Palibe anaomba m'manja. Kalipentala anatambasula zikhatho n'kunena dua, pemphero lake, motsitsa, anzake akuvomera. Kenako anthu anadzuka mmodzimmodzi kukawagwira dzanja Adokotala. "Pepani, mayi." "Pepani." Ophika anabweretsa tiyi ndi chinangwa, ndipo Adokotala anadya zidutswa zitatu, akufotokoza mmene mchimwene wawo ankabisira maswiti m'kati mwa piyano ali mwana.

Mvula itayamba anabwerera kwawo. Mapepala a nyimbo anandisiyira, okhala ndi zolemba za pensulo za mchimwene wawo m'mphepete, m'zilembo zoyambira kumanja zimene sinditha kuwerenga. Tinalemberana kangapo pafoni, kenako mauthenga anga anasiya kuyankhidwa, ndipo sindinapeze wondiuza chifukwa chake.

Mbali yanga ndimaithabe, koma payokha siimveka ngati nyimbo. Mwana wanga wamkazi amati ndikuyesa ngati kiyibodi ili bwino. Chaka chatha ku depoti ya Lilongwe ndinaona munthu atanyamula kachikwama kakuda kooneka ngati ka vayolini ya Adokotala kaja. Ndinasiya basi yanga ikudzaza, n'kumulondola pakati pa mavenda mpaka pa mlatho. Nditamufunsa anatsegula mokayikira. Munali kagitala kakang'ono ka nsambo zinayi, kamene ankakagulitsa.

Ndinamufunsabe ngati akudziwa aliyense woliza vayolini. Anati afunsa.